Mawu a agogo amene sanamveke ku Mangalande

Ndikukumbukira fungo la kachipinda kaja ka intaneti ku Mkoba: thukuta, utsi wa jenereta, ndi mahedifoni onata mafuta a m'makutu mwa anthu ena. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, nthawi ija m'masitolo munkangoti mbee mashelefu okhaokha.

Agogo anga aamuna, amene fumbi la mgodi wa ku Zvishavane linawadya chifuwa, anali atatheratu. Ankafuna kutsanzikana ndi mwana wawo, azakhali anga a Esinati, omwe anapita ku Mangalande kukasamalira nkhalamba za eni. Pa foni mawu awo sankamveka, choncho ndinawajambula pa kaseti. Anatchula mudzi wakwawo ku Dedza, umene anausiya pobwera kudziko la eni kuno, kenako anapepesa azakhali pa mkangano wina wakale, n'kupempha kuti awayankhe.

Mwini kachipindako, a Langitoni, munthu wodzimva ngati intaneti anailenga ndi iwo, anati mawuwo ndi olemera kutumiza pa imelo, awaika pa tsamba la pa intaneti. Atadina, mawu a agogo anamveka bwinobwino, ine n'kubwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Patatha masiku awiri azakhali analemba kuti akungoona kabokosi kopanda kanthu.

"Pano zikulira bhoo, bwinobwino, sisi," anatero a Langitoni akutokosa m'mano. "Tete vako, azakhali akowo, ndi amene sadziwa kompyuta."

Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero zimandinyansa. Ndinalembera azakhali malangizo ngati ndikuphunzitsa mwana wa giredi wani. M'mawa uliwonse agogo ankafunsa ngati Esinati wayankha, ine n'kumati sanayankhe, osafotokoza chifukwa chake poganiza kuti nkhalamba singamve za makompyuta. Tsiku lachisanu anatembenukira kukhoma.

"Musiyeni, mdzukulu wanga. Wakana."

Anamwalira sabata yomweyo.

Maliro atatha, mayi wina wophunzitsa pa koleji anandipeza m'kachipinda kaja ndikulira kutsogolo kwa tsambalo. Analitsegula pa kompyuta yomweyo, koma ndi bulawuza ina, pulogalamu ija yotsegulira masamba. Panatuluka kabokosi kopanda kanthu kaja. Anandiuza kuti bulawuza iliyonse ili ndi mtundu wa mawu umene imalandira, ndiye pamafunika kuika mitundu ingapo, ndi poti munthu adine n'kutsitsa yekha failo. Anakonza mwachangu kuposa kuwiritsa tiyi. A Langitoni anangokweza mapewa, amvekere azakhali akanangosintha bulawuza.

Azakhali anamva mawu a bambo awo madzulo a tsiku lomwelo, ndipo yankho lawo linali lakuti anawakhululukira kalekale.

Lero ntchito yanga ndi yomweyi yokonza masamba, ndipo sinditulutsa kanthu ndisanayese pa mabulawuza onse amene ndingapeze. Anzanga amati ndimanyanya. Sadziwa kuti munthu akati "kwa ine zikuyenda", ine ndimaona agogo atayang'ana kukhoma. Uthenga umakhala kuti wafika pokhapokha mwini wake atanena yekha kuti wamva, ndipo zimenezi ndinazidziwa titaika kale munthu m'manda.