Kachoso Kabweranso, Inu Ayi

Bambo a Tadala, kachoso kanu kabweranso m'mawa uno pa maluwa apakhonde, ndipo ndakwiya nanu ngati mwamwalira dzulo. Ndakumbuka Lamulungu lija kuno kudziko la eni, m'dera la South B, pomwe munandilanda tsache ine ndikuchotsa ulusi wa kangaude. Munati, "Usiyeni, mayi, mbalameyi imamangira chisa." Tinachedwa kutchalitchi inu mukundifotokozera za kanzake ka ku South America, kakang'ono ngati chala, kokhala m'zitsamba zouma m'mbali mwa nyanja, kamene kamaima m'malere n'kuuluka chobwerera m'mbuyo. Munaseka mpaka kutsokomola, mutagwira pachifuwa.

Ndinakupemphani kangati kuti tipite kuchipatala? Yankho lanu linali "mawa", mwina "matatu adzaza", kunena maminibasi akuno. Nthawi yodikira mbalame munali nayo, koma ya moyo wanu munalibe. Adokotala anati mukanabwera msanga mukanachira. Anthu amandiuza "pole", kupepesa kwa kuno, n'kumakutamandani kuti munali wofatsa, ine ndimadziwa kuti munali wamakani. Tadala akulemba mayeso chaka chino popanda bambo. Sindinakukhululukireni, amuna anga. Bwererani tidzakangane.