Mtima wa Adada Unalimba Mopitirira

Mbiri ya zachipatala m'dziko muno ikadzalembedwa, ine ndisadzasowemo, chifukwa ndinachepetsa mtima wa munthu popanda mpeni. Kunena zoona, koleji ndinaithawa chaka chachiwiri, ndipo zimene ndinkaphunzira kumeneko sizinkakhudza mtima ngakhale pang'ono. Ntchito yanga pa nkhani yonseyi inali kutunga madzi m'kapu.

Amama atamwalira, m'nyumba yathu ku Chibavi tinatsala awiri, ine ndi adada. Pamaliro aliyense wodzagwira chanza ankanena zomwezomwezo: "Limbani mtima, adada." Iwo, pokhala munthu womvera, sanagwetse msozi. Ankangoti "Yewo," ndipo maliro atatha anabwerera ku matabwa awo, pakuti ndi kalipentala.

Chaka chisanathe anayamba kupuma mwawefuwefu. Pa kachitunda kotulukira kumsewu ankaima ngati akusirira nyumba za eni. Mapazi anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinawakana. Ndinawakweza pa njinga yamoto, ulendo wa kuchipatala.

Dokotala, mayi wachichepere, anawayeza bipi, kenako anawaunika pachifuwa ndi makina.

"Bambo, magazi anu akhala akuthamanga kwa nthawi yaitali. Mtima wakhala ukukankha movutikira, ndiye mnofu wake wakhuthala. Walimba ngati mkono wa wonyamula katundu pa depoti."

"Walimba?" Adada anamwetulira koyamba chimwalirireni amama. "Yewo chomene, adokotala. Ndayesetsa."

"Ayi bambo, si zoyamikira. Mtima wolimba chonchi umatopa, tsiku lina ungaime. Koma mukamamwa mapiritsi tsiku lililonse, n'kuchepetsa mchere, ukhoza kufewa n'kubwerera m'malo mwake pang'onopang'ono."

Titafika kunyumba, mapiritsi aja anawaika pamwamba pa kabati, pamene timaika zinthu zosafuna kuzionanso.

"Iwe," anandiuza, "mpingo wonse unati ndilimbe. Lero mwana uja akuti ndifewe. Ndikafewa ndiyamba kulira, ndipo ndikayamba sindidzasiya. Matebulo a anthuwa adzakhoma ndani?"

Ndinawafotokozera kuti mitimayi ndi iwiri, wa mpingo ndi wa kuchipatala. Ndinagwiritsa ntchito Chingerezi chonse chimene ndinatuluka nacho kukoleji. Anandifunsa kuti ngati ndimadziwa zambiri chonchi, satifiketi ili kuti. Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa wina ndinawapeza atakhala pansi pa utuchi, macheka ali m'manja, akusaka mpweya. Anati akupumula. Milomo inali itachita mbuu. Ndinakhala nawo pansipo.

"Adada, mukapita, anthu onse aja abweranso kudzandiuza ine kuti ndilimbe mtima. Koleji yokha inandikanika. Zimenezo ndikwanitsa?"

Anaika macheka pansi.

"Katenge madzi."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkawapatsa mapiritsi, n'kuima ndi kapu mpaka nditaona kholingo likuyenda. Mchere ndinaubisa. Usipa ndinkaunyika kaye m'madzi, iwo n'kumati ndikuwaphikira thonje. Patapita miyezi yambiri nsapato zinawalola, kachitunda ankakwera osaima, ndipo dokotala ataunikanso anati mnofu uja wayamba kuchepa. Adada sanathokoze.

Tsiku lina kunja kukuwaza kamvula kathu ka Mzuzu kaja, mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafuula kuti anthu anule zovala. Amama ndi amene ankafuula choncho, mudzi wonse n'kumva. Macheka anasiya kulira. Nditasuzumira, adada anali atagwira thabwa ndi manja onse, mapewa akugwedezeka, akuitana amama ndi dzina la paubwana wawo, limene ine sindinalimvepo.

Dokotala akuti mapiritsi a bipi satulutsa misozi. Adada akuti dokotala sanaferedwepo mwamuna. Amalirabe, makamaka kukachita mitambo, koma matebulo akukhomabe, ndipo mankhwala sadumphitsa.

Mapiritsi timalandira ulere. Changa chimene chinalowa ndi K500, ya kampango kopukutira kumaso kamene ndinawagulira mumsika. Anakalandira, anapukuta m'maso, n'kunena kuti andibera.