Mbuzi Imene Inkadikira Abambo

Chaka chimene abambo anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ine ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kupita ndekha kuchitsime. Nkhondoyo sitinkaidziwa. Tinkangomva kuti ili kumpoto, kutali, ndipo ndi ya azungu, koma katundu wake akufuna mitu ya amuna akwathu. Pakhomo pathu panachoka awiri, abambo ndi mng'ono wawo, amene ndinkawatchula kuti abambo aang'ono. Tinatsala ine, amayi, ndi mbuzi imodzi.

Mudzi wathu unali pamtunda cha ku Lobi, pamalo poti kukacha bwino Phiri la Dedza linkaoneka patali ngati ng'ombe yogona. Mbuzi zina zinali zitatha ndi nthenda, kunangotsala katonde kakuda ka khutu limodzi loyera. M'mawa wonyamukawo abambo anakagwira pamsana n'kuuza amayi kuti, "Aka musagulitse. Tidzadya ndikadzabwera." Amayi anavomera ndi mutu.

Dzinja lotsatira mvula inagwa yosalekeza. Nyemba zinavundira m'munda, makoko ake kuda bii, ndipo mtedza unamerera pansi tisanakumbe. Chimanga chinachitako pang'ono. Nkhuku zathu amayi anasinthanitsa ndi mchere. Choncho nyengo yozizira itafika, chakudya cha ufa chinalipo ndithu, koma ndiwo yake inali mfutso wa nkhwani wopanda nsinjiro, lero, mawa, mkuja. Mimba inkadzaza, koma thupi linkakhala ngati silinamve kanthu.

Sindinadwale tsiku limodzi ayi. Zinabwera monga imabwerera nkhungu ya kwathu, umangozindikira kuti mtengo unkauona uja sukuonekanso. Poyamba ndinkapumira panjira pochokera kuchitsime. Kenako khungu la m'miyendo ndi m'mikono linayamba kuyabwa ndi kufunduka timamba toyera. Tsitsi linafiira n'kupyapyala. Zikhatho zanga zinayera ngati mkati mwa chinangwa. Ndipo ndinkalakalaka dothi. Ndinkabenthula dothi la pachulu n'kumalisunga m'kamwa mpaka lisungunuke, ndipo linkandikomera kuposa uchi.

Amayi anayesa zimene ankadziwa. Anandimwetsa mizu yowawa. Ansembe atabwera kudzachita Misa ku tchalitchi chathu cha udzu, anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, n'kundidalitsa pamphumi. Njoka zinatuluka, koma mphamvu sizinabwerere.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali thanthwe lalikulu losalala pomwe amayi ankayanikapo ufa. Dzuwa likakwera linkafunda bwino, ndipo amayi popita kudimba ankandiyalira mkeka pamenepo. Mbuzi ankaimangirira pa mtengo wa msuku chapafupi, chingwe chake chachitali. Ikatopa kudya inkabwera kudzagona kumsana kwanga, n'kumabzikula pang'onopang'ono. Inkanunkha monga anunkhira atonde, koma inali yofunda, ndipo ndinazolowera kupuma limodzi nayo.

Masiku a pathanthwe aja sindingathe kuwalekanitsa. Amakhala ngati tsiku limodzi lalitali. Sindinkagona, komanso sindinali maso. M'makutu mwanga munkamveka kugunda, du, du, du, ngati amayi ena akusinja kumudzi wa kutsidya, ndipo panatenga nthawi kuti ndidziwe kuti ndi mtima wanga. Aphunzitsi akamenya chitsulo choitanira ana ku katekisimu, kulira kwake kunkandipeza mochedwa, ngati kwadzera m'madzi. Anzanga ankayimba kutaliko, ine n'kumatsatira nyimbo ndi milomo yokha. Mitambo inkadutsa pafupi kwambiri. Nthawi zina ndinkaona ngati thanthwe lija lanyamuka, likuyandama pamwamba pa minda, ine ndi mbuzi tili pomwepo, tikuyang'ana madenga a mudzi wathu pansi.

Ndiponso ndinkawaona abambo. Pa chitunda cha kumpoto panali kanjira kofiira kotsetsereka, ndipo masana aliwonse ankatulukira pamenepo, bokosi lili pamutu, dzanja limodzi litagwirira. Ankayenda, miyendo ikusuntha ndithu, koma osayandikira. Sindinkachita mantha. Ndinkangowayang'ana mpaka nkhungu kapena tulo tiwaphimbe. Amayi sindinawauze, poopa kuti ndikanena asiya kubwera.

Chisanu chinatha, kunayamba kutentha, mitengo ya m'phiri inaphuka masamba ofiira. Tsiku lina munthu anatulukiranso pa kanjira kaja. Ndinati ndi abambo monga mwa masiku onse. Koma uyu analibe bokosi, ndipo ankakula akamayenda. Anatsika, anawoloka kamtsinje, anabisika ndi nthochi, n'kutulukiranso ali wamkulu kuposa kale. Atafika pathanthwe chithunzithunzi chake chinandigwera pankhope, ndipo mbuzi inadzuka. Anali abambo aang'ono. Mapazi anali okulungidwa ndi nsanza, ndipo khosi lawo linali litatalika ndi kuonda.

Amayi atabwera kuchokera kudimba anawapatsa madzi, n'kukhala pansi chapatali monga achitira munthu ndi mlamu wake. Anadikira kuti amwe.

"Nanga akulu anu?" anafunsa amayi.

"Tinasiyana pamtsinje wina waukulu, alamu. Iwo anawapatsa gulu lina. Pamene ndinkawaona komaliza ankayenda okha ndi miyendo yawo."

"Ankayenda bwino?"

"Ankayenda."

Kenako abambo aang'ono anatembenukira kwa ine. Anandigwira chibwano, manja awo akunjenjemera, n'kukokera pansi chikope changa ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatembenuzanso chikhatho changa.

"Mwanayu magazi amuthera," anatero. "Maso otere ndawaona kunjirako. Tinkadya ufa wokhawokha. Munthu amangoti ndipumeko pang'ono, n'kukhala pansi pa mtengo."

"Ndiye titani, alamu?"

Iwo anangoyang'ana kumtengo wa msuku, kumene kunamangiriridwa mbuzi.

"Iyo ayi," anatero amayi. "Eni ake ananena."

"Ndinalipo ponena."

"Tikaipha ndiye kuti tati sabwera."

"Ine sindinatero, alamu."

Mbuziyo inali ya pabanja pawo, ndipo akanafuna akanaipha osapempha munthu. Koma sanaumirize. M'mawa mwake anatenga khasu n'kupita kukakumba mbewa m'minda yowotchedwa. Manja aja sankawalola kugwira msanga, moti ankabwera ndi ziwiri, pena imodzi, pena chimanjamanja. Ankandiotchera n'kukhala pambali mpaka nditamaliza. Zinkathandiza tsiku limenelo, mawa lake ndinkabwereranso m'nkhungu yanga.

Chimene chinasintha mtima wa amayi ndinachimva kwa iwo eni nditakula, chifukwa ine sindichikumbuka bwino. Akuti tsiku lina anabwerera msanga kudzatenga dengu, n'kundipeza nditakhala tsonga pathanthwe, nkhope ili kumpoto, ndikulankhula mwaulemu. Ndinkati, "Ndamva, abambo. Dikirani pomwepo, ndikubwera. Ndingoti ndipumeko pang'ono." Akuti anandiitana, ine osacheuka.

Chimene ndikukumbuka ine n'chakuti kumsana kwanga kunazizira. Nditatembenuka ndinaona amayi akumasula chingwe pa msuku. Mfundo inali italimba ndi mvula ndi dzuwa, ndipo anaimasula ndi mano. Anaikoka mbuzi kudutsa pabwalo mpaka pamene abambo aang'ono ankasema mpini, n'kuwapatsa chingwe m'manja. Kenako amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mbale yadothi yolandirira magazi.

Zinachitikira kuseri kwa nkhokwe. Ndinamva kulira kumodzi, kenako ntchentche zokha ndi mphepo.

Anthu akwathu, amene makolo awo anachokera kumwera ndi ng'ombe zawo, sataya magazi a chiweto. Amawaphika ndi mchere ndi timafuta mpaka aundane n'kuda, ndipo chakudya chimenechi timachitcha uwende. Amayi anandibweretsera pathanthwe pomwepo, m'kambale, n'kunditsamiritsa pachifuwa pawo.

"Ndi wa mbuzi ija?" ndinafunsa.

"Idya, mwanawe."

"Nanga abambo akabwera?"

"Akabwera adzakupeza iwe."

Ndinalira, koma kukamwa kunatseguka kokha. Unali wofunda, wofewa, wamchere, ndipo pansi pake pankamveka kukoma kofanana ndi dothi lija ndinkabenthula pachulu. Thupi langa linaulandira ngati munthu amene wakhala akuuyembekeza pakhomo. Ndinadya wonse, misozi ikugwera m'mbale, n'kunyambita zala. Madzulo anandiotchera chiwindi.

Nyama yotsala abambo aang'ono anailenga timizere n'kuiwamba pamoto kuti isawonongeke, ndipo ndinkapatsidwa kachidutswa tsiku lililonse. Mwendo umodzi amayi anapita nawo kwa mayi wina wa kutsidya amene munda wake unali pouma ndipo nyemba zake zinapulumuka. Anabwerako ndi lichero la nyemba ndi mtedza pang'ono. Zina anasunga za mbewu, zina ankandiphikira mpaka zitaphwanyika.

Patapita zaka zambirimbiri, ndili kale ndi imvi, ndinafotokozera nkhaniyi mdzukulu wanga amene anaphunzira za unamwino. Anamvetsera, kenako anandiuza kuti m'zakudya muli tinthu ting'onoting'ono tomangira thupi, ndipo tina mwa ito thupi silingathe kudzipangira lokha, limayenera kutilandira kukamwa. Kamodzi anakatchula kuti histidini. Anati kamapezeka kwambiri m'magazi ndi m'nyama, komanso m'nyemba ndi mtedza, ndipo mwana amakafuna kuti akule, kuti magazi ake apangike, ndi kuti khungu likhale bwino. Anatinso thupi limatenga komweko popanga chinthu chimene chimatupitsa ndi kuyabwitsa pamene yaluma njuchi. Ndinamufunsa ngati ndi kameneko kanandisowa. Iye anati sangadziwe, mwina zinandisowa zambiri pamodzi, ndipo kameneko kanali kamodzi chabe. Dzinalo ndinalibwereza kangapo kuti lindikhale, chifukwa linandikomera pakamwa. Ndinaganiza za abambo aang'ono ndi anzawo aja okhala pansi pa mitengo.

Kuchira nakonso sikunabwere tsiku limodzi. Choyamba kuchoka chinali kusinja kwa m'makutu kuja. Ndinadzuka m'mawa wina n'kumva kuti kunja kuli zii, ndipo ndinamva njiwa ikulira pafupi, momveka bwino, ngati wina watsegula chitseko. Kenako dothi linasiya kundikomera. Kuyabwa kunachepa, ndipo pansi pa timamba tija panatuluka khungu latsopano losalala.

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka pachulu madzulo dzuwa lisanalowe, zambirimbiri, mapiko ake akunyezimira ngati utsi woyera. Abambo aang'ono anandinyamula kupita nane pomwepo. Atanditsitsa ndinaima ndekha, kenako ndinayamba kuthamangitsa ngumbi ndi manja awiri, kugwa, kudzuka, kuseka. Amayi anaima ndi mphika m'manja osatola ngakhale imodzi. Tinadya ngumbi zokazinga masiku ambiri. Pambuyo pake kunabwera khwanya, masamba a nyemba zija anabzala amayi, kenako zitheba.

Chinthu chimodzi chinandiwawa pa kuchirako. Abambo analeka kutulukira pa kanjira kofiira. Ndinkapita dala pathanthwe masana, n'kugona monga kale, n'kutsinzina pang'ono kuti maso achite chimbuuzi. Koma chitunda chinali chitunda basi, ndi udzu wake ndi mbuzi za eni. Thanthwe nalo silinanyamukenso. Ndinkangomva kulimba kwake kumsana, ndi nyerere zikundikwera, mpaka ndinkatopa n'kupita kukasewera.

Uthenga unafika nthawi yokolola nyemba. Anabwera nawo bambo wina wa cha ku Mayani amene anali m'gulu limodzi ndi abambo. Anatipeza tikupuntha nyemba pabwalo. Anakhala pansi, anavula chipewa, n'kufotokoza kwa abambo aang'ono motsitsa mawu, amayi akumva. Anati abambo anga anadwala m'mimba pobwerera n'kumwalira, ndipo anzawo anawaika bwino pambali pa njira, n'kuikapo mtanda wa timitengo. Zinachitika kale, nyengo yozizira ija.

Amayi anali ndi lichero m'manja. Anamaliza kupeta nyemba zimene zinalimo, anazithira m'dengu, anaika lichero pansi mosamala, kenako anayamba kulira maliro. Amayi a m'mudzi anabwera mmodzimmodzi kudzakhala nawo.

Abambo aang'ono anakhala nafe pafupi moyo wawo wonse. Manja awo sanasiye kunjenjemera, ndipo za kunkhondo sanazikambenso. Anakwatira mochedwa, n'kumanga nyumba kumunsi kwa yathu. Akapha chiweto, kambale koyamba kankabwera kwathu.

Chaka chimenecho ndinakula mofulumira, ngati thupi likuthamangira kumene anzanga anafika kale. Nsalu yanga imodzi yomweyo inafupika mpaka mawondo kuonekera, ndipo amayi ena kutchalitchi anayamba kundiyang'ana. Yatsopano panalibe poigula. Loweruka lina masana amayi anang'amba kachidutswa m'mphepete mwa nsalu yawo, anakhala pakhonde, n'kundiuza kuti ndiime mowongoka kuti ayeze. Ndinaima, iwo atagwada, singano ili pakamwa.

"Usasunthe," anatero. "Ukasuntha ndikubaya."