Fodya Wosapita ku Okushoni

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma fodya ndimamudziwa. Funsani aliyense kuno ku Chulu, akuuzani kuti ndikayankhula pachigafa panga a kutsidya kwa dambo amamva. Izi ndalemba ndekha, pomwe zapindika muwongole nokha.

Akazi anga ndiwo anali katswiri wosankha fodya. Tsamba akangoligwira ankadziwa kale mulu wake, lofiira uku, lowala uku, long'ambika pambali. Ndinawapeza ku esiteti tili achinyamata, ine ndikudinda mabelo, iwo akusankha.

Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono. Mchere kuthira kawiri. Kenaka mayina a adzukulu. Kenaka ine amene, anayamba kunditchula kuti a kapitawo. Choopsa chinali kuyenda. M'mawa uliwonse ankamanga mpango n'kunyamuka, ati achedwa kuntchito. Tsiku lina mayi woyandikana nafe anawapeza m'chigafa mwake atakhala pansi, fodya ali mbwee. Pofika masana nkhani inali pamjigo, ndipo anatuluka mawu amene munthu sufuna kuwamva pa mkazi wako, akuti ufiti.

Ndinagula loko. Ndikamapita kumunda ndinkawatsekera m'nyumba. Ankamenya chitseko mpaka manja kutupa. Ndikabwera ndinkawakalipira, poti mawu ine ndili nawo, koma ankangondiyang'ana ngati mlendo. Mwana wathu wamkazi wa ku Lilongwe atamva anaimba foni.

"Bambo, mwezi ukatha ndibwera kudzawatenga amayi. Kuno kuli mpanda ndi geti."

Ndinadziwa kuti akapita kumeneko kubwera kwawo kudzakhala m'bokosi.

Lamulungu lotsatira mlangizi wa zaumoyo anatisonkhanitsa kutchalitchi mapemphero atatha. Anati awa ndi matenda a muubongo obwera ndi ukalamba, si ufiti, ndipo m'mudzi muno akazi anga si okha. Anati tipangane chochita, poti okalamba tikuchuluka pomwe ana athu ali kutauni. Ine ndinaimirira.

"Nyumba yanga siyendetsedwa ndi komiti. Mayi amenewa ndawasunga zaka zonsezi popanda msonkhano."

Mayi woyandikana nafe uja anayankha ali chikhalire. "Agogo, tsitsani mawu, ndi a kumanda omwe amva. Phokoso lija ndinayambitsa ndine, ndipo ndinalakwa. Nditabwerera m'chigafa ndinapeza fodya yense atasankhidwa bwino, kuposa mmene timasankhira ine ndi amuna anga. Loko wanuyo chotsani. Azibwera kuntchito."

Anthu anaseka. Ndinakhala pansi, osati chifukwa cha iyeyo ayi, bondo limandivuta.

Tinapangana chonchi. Tsiku lililonse pali khomo limene limawalandira akazi anga, Lolemba kwa uje, Lachiwiri kwa uje, ndipo pakhomopo amadya pomwepo. Akabaza tinawauza kuti akawaona panjira asawafunse kuti mukupita kuti, angoti kwerani mayi, ntchito ili uku. Msilamu wa golosale ya pamsika anasunga nambala yanga. Okalamba enawo nawonso tinawafunira chimene manja awo akukumbuka, wina kusenda mtedza, wina kuluka mphasa.

Zinayenda mpaka fodya atapita ku okushoni. Zigafa zinatsala zopanda kanthu, ndipo akazi anga anayambanso kuyenda. Kawiri konse anabwera nawo wakabaza kuchokera kutali. Tsono nzeru yotsatirayi inali yanga, ndipo ndikufuna anthu adziwe. Ndinayenda khomo ndi khomo kutolera fodya wotsalira, uja wosagulika, mpaka anadzaza mtanga. Tinapangananso kuti chaka chilichonse banja lililonse lizisiya dala ndindi zingapo, timitolo ta masamba tija. Akazi anga amasankha tsiku lonse n'kumanga ndindi. Akaweruka ine ndimamasula, n'kusakaniza, n'kuwazako timadzi kuti masamba asafumbutuke. M'mawa ntchito ilipo.

Sikuti achira. Pali masiku amene amalira osanena chifukwa, pali masiku amene amakana kusamba. Koma chitseko samenyanso, ndipo pamjigo mawu aja anatha.

Mwana wathu anabweradi ndi galimoto, ngakhale anachedwa ndi miyezi ingapo. Anapeza mayi ake ali pamphasa m'chigafa changa, milu itatu ili patsogolo pawo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Mayi ake sanamuzindikire.

"Iwe mtsikana, usangoima. Khala apa uzimanga."

Anakhala pansi ndi diresi lake la kutauni n'kumanga ndindi mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake anandiitanira kuseri.

"Bambo, loko uja ali kuti?"

Ndinamulozera chitseko cha khola la mbuzi. Anapita kukaona ndi maso ake. Kenaka anatsitsa bulangete ndi sopo m'galimoto, n'kubwerera ku Lilongwe yekha.

Dzulo akazi anga anandikodola ndikudutsa pachigafa.

"A kapitawo, pali munthu amasokoneza fodyayu ine ndikachoka. Mumuchotse ntchito."

Ndinawauza kuti ndimuchotsa mwezi ukatha.