Khoma la Amalume Ndinagwetsa Ndine

Khoma la kuchipinda kwathu silinagwe lokha. Ndinaligwetsa ndine, ndi ndowa ya madzi ndi mtengo wa bulugamu, Lamlungu lina anthu ali kutchalitchi. Mpaka lero palibe akudziwa, ngakhale bambo a mwana wanga, amene amandiuza zonse mpaka zimene alota.

Ndinaphunzira zomangamanga kukoleji ya ntchito zamanja, satifiketi ndili nayo. Ndimadziwa kugwira levulo yoonera ngati khoma lawongoka, ndimadziwanso zimene malamulo amafuna pomanga nyumba kumalo osefukira madzi: maziko akuya, nyumba yokwera, njerwa zogwirana ndi simenti, pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi. Ntchito sindinaipeze, koma mwamuna ndinam'peza, munthu wofatsa wa kumapiri a Biriwiri, mlimi wa kachewere. Anabwera chikamwini kwathu kuno ku Bwanje, kumene madzi salowa ndi odi. Kwawo mvula ikagwa madzi amatsetsereka n'kupita. Sanafunsepo kuti amapita kuti. Amabwera kuno.

Mmisiri wa banja lathu ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Ndiwo anatipatsa malo, ndiwo ankhoswe anga, ndiwonso amanga nyumba zonse za mbumba yathu. Tsono mkamwini angakatenge mmisiri wina? Bambo a mwana anagulitsa kachewere, anagula simenti, n'kumupereka kwa amalume mwaulemu wonse. Ine nthawi imeneyo ndinali kuchidikiro kuchipatala, mimba ili apo, miyendo itatupa.

Nditabwera ndi khanda ndinapeza nyumba yatha. Eee, koma inali nyumba! Khonde lofiira lonyezimira, mizati iwiri, pulasitala wosalala ngati tsaya la khandalo. Azimayi opita kusikimu ya mpunga ankaima kuti aione. Koma pakhomo panali pofanana ndi pabwalo, nkhuku inkalowa osakweza mwendo. Ndinaona kuti madzi nawo adzalowa chimodzimodzi.

Tsiku lina ndinati ndikhome msomali kuchipinda kuti ndipachike satifiketi ija. Nditangomenya kamodzi ndi mwala, msomali unamira wonse ngati ndaubaya m'papaya. Poutulutsa unabwera ndi dothi. Njerwa zonse kuyambira pansi anazimanga ndi matope. Simenti anathera pakhonde ndi popaka kunja.

Ndinapita kwa amalume, ndinagwada bwinobwino.

"Amalume, kodi m'khomamu munaika matope?"

"Ehe, afika a injiniya! Nanga umafuna ndiikemo chiyani, batala?"

"Simenti, amalume. Ngakhale m'maziko mokha."

"Iwe, simenti wokwirira pansi amuona ndani? Chiswe? Mwamuna wako wakhetsa thukuta, ndiye ine thukutalo ndikalibise m'nthaka? Simenti amakhala poonekera, anthu adziwe kuti mkamwini wathu si wamasewera."

"Nanga madzi akabwera?"

"Madzi ndinadziwana nawo iwe usanavale thewera. Pita ukayamwitse."

Ndinabwerera kwa bambo a mwana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akukanda m'mutu.

"Mayi ake, ine pano ndine wobwera. Ndikatsutse amalume anu pamalo pawo? Mawa lomwe andiuza ndipinde bulangete langa."

Dzinja loyamba madzi sanachite kusefukira kwenikweni. Anangodzaza pabwalo, kulowa m'nyumba mpaka m'akakolo, n'kubwerera ngati abwera kudzangoona malo. Koma khoma la kuchipinda, loyang'ana kudambo, linamwa. Chinyezi chinakwera mpaka m'mawondo, pulasitala anatupa, mng'alu unatsika kuchokera pazenera. Pansi pakepo mpamene pankagona mwana. Ndinam'samutsira pabalaza, koma khoma la pabalaza nalo mmisiri wake ndi yemweyo. Ndikamva bingu mkaka unkauma. Mng'alu uja ndinkauyeza m'mawa uliwonse, poyamba ndi udzu, kenako ndi kamtengo ka machesi, kenako chala chinalowa. Amalume anabwera, anaumata pamwamba ngati akudzoza chilonda, n'kunena kuti, "Wapola."

Chilimwe chitafika ndinakhala pansi. Khoma ili ligwa basi, zimenezo sizinafune satifiketi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ligwa liti, ndipo pansi pake padzakhala ndani. Ndiye ndinasankha kuti ligwe masana, dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuliyang'ana.

Sabata yathunthu, bambo ake akapita kumpunga, ndinkakokera bedi pakati, kukanda matope m'mizere iwiri yapansi ya njerwa ndi mpeni, n'kuthiramo madzi. Kumjigo anzanga anayamba kundiseka: "Koma iwe, ukuchapira mapasa?" Lamlungu ndinati mwana watentha thupi, sindipita kutchalitchi. Bodza limeneli ndilo limandiwawa kwambiri, kunamizira mwana matenda. Anthu atachoka ndinatulutsa bedi ngati ndikuyanika nsikidzi, mwana ndinakam'goneka patsinde pa mango kutali. Khomalo silinkanyamula denga kwenikweni, ndinali nditaonetsetsa. Ndinaima pakhomo la chipinda n'kukankha ndi bulugamu uja. Silinalimbelimbe n'komwe. Linagwera kunja, fumbi kobo.

Anthu anathamanga ochokera kutchalitchi, mabaibulo ali m'manja. Njerwa zinali mbwee, iliyonse payokha, ngati sizinamangidwepo. Ine ndinkayembekezera kuti maso onse apita kwa amalume. Ndinali nditaiwala kuti pamudzi pali mkamwini.

Amalume anatola njerwa imodzi, anaitembenuza, anapukusa mutu.

"Mwaona? Simenti amene anandipatsa mkamwiniyu anali wothira m'tiyi. Anthu a kumapiri kuumira! Akanatiphera mdzukulu."

Azimayi anagwira pakamwa. Bambo a mwana anaima pomwepo, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, chipewa chili m'manja, ndipo anangoti, "Pepani, amalume, ndalakwa."

Ine ndinali nditakumbatira mwana. Ndinam'kanikiza pachifuwa n'kuyang'ana pansi. Patsogolo pa anthu onsewo panali matope onyowa m'mwezi wa Okutobala, mvula isanadonthe ngakhale kamodzi. Aliyense wamaso akanafunsa kuti anyowa bwanji. Palibe anafunsa. Wolakwa anali atapezeka kale, ndipo anali atapepesanso.

Amalume analumbira kuti sadzagwiranso nyumba ya munthu woumira. Amisiri ena anakana, kuopa kuponda pamene paponda amalume. Ndiye mpeni womangira unagwera m'manja mwanga. Tinaphwasula nyumba yonse, ndipo pano ndiyamike matope: njerwa sizisweka pophwasula. Khonde lokha ndilo linatikanika. Lidakalipo, likunyezimira lokha pabwalo, mbuzi zimagonapo.

Tinamanga kanyumba ka zipinda ziwiri pambali pake, ine ndikuyala njerwa mwana ali kumsana, bambo ake akundiponyera. Maziko akuya, masitepe atatu, pepala lakuda pansi pa khoma. Simenti yense amene anagulanso anapita kumene saoneka, moti kunja kulibe pulasitala, kanyumbako kali ngati sikanasambe. Anthu anakatcha kuguwa. Odutsa amafuula, "Odi kuguwako, abusa alipo?" Amayi anga enieni amaima pansi pa masitepe n'kumati mawondo awo sakwera nyumba za anthu ophunzira.

Chimangireni madzi aakulu sanabwere. Dzinja lapitali ananyambita sitepe yoyamba n'kubwerera. Nyumba ya amalume, ya matope omwewo, ili chiimire, ndipo eni ake akamadutsa pathu amachita kuyenda pang'onopang'ono akuimba mluzu. Sindipempherera chigumula, Mulungu andikhululukire, koma mitambo ikada kumapiri pali kamtima kena kamene kamati, ingofikani pakhomo pawo pokha, musalowe.

Mwana tsopano amagona, ine ndimagona, bingu likagunda ndimangotembenuka. Koma bambo ake dzina lija la woumira linawamatirira. Kusikimu akapempha kuti awatsegulire madzi, anzawo amati, "Tikupatsani a m'tiyi." Pamaliro amakhala kumapeto kwa benchi. Akapereka moni kwa amalume, amalumewo amayang'ana kumbali. Munthu amene ankaseka mpaka kugwira m'mimba pano amadya mwakachetechete, n'kusamba m'manja, n'kukakhala kuseri.

Dzana, tikupeta mpunga, anandiuza kuti mwina apite kaye kwawo akathandize abale kumunda. Tsiku lobwerera sananene. Kenako anayang'ana mwana akusewera pasitepe, n'kuti, "Mayi ake, ndikanagula simenti wokwanira, mwana wathuyu sakanaona ngozi ija. Sindidzikhululukira."

Akukhulupirira. Anthu anena, anena, mpaka mwini wake wavomera mumtima. Lichero linandigwa m'manja, ndinanamizira mphepo.

Ndikaulula, amalume ndi amayi adzati anandiphunzitsa sukulu kuti ndizigwetsa nyumba, ndipo bambo ake adzadziwa kuti ndinaima pambali pawo, pakamwa pali tseke, iwo akupepesa mlandu wanga. Ndikapanda kuulula, mlanduwo akwera nawo kumapiri, ndipo mwana adzakulira m'nyumba yolimba yopanda bambo. Inu amene mukuwerenga, makamaka inu amene muli ndi mwana wogona pansi pa khoma la dothi lopaka simenti kunja, tandiuzani. Mukanadikira kuti mvula idzaligwetse yokha? Ndinachita bwino kodi?