Dimba la Pinyolo ndi Mahadidiraivi Khumi ndi Awiri

Zopita ku Joni ndinaziganiza Lachiwiri lina masana, nditakhala pa benchi kunja kwa ofesi ya nyuzipepala yomwe ndinailembera nkhani kwa zaka zisanu ndi zinayi. M'thumba munali kalata yondithokoza chifukwa cha ntchito yabwino. Kalata yotero mtolankhani amaidziwa asanaitsegule. Malonda a nyuzi anali atatsika, ndipo oyamba kudulidwa tinali ife otola nkhani za m'maboma.

Ndinakwera minibasi kubwerera ku Namitambo, kwawo kwa mkazi wanga Felesita, komwe ndimakhala ngati mkamwini. Ndinamupeza akusankha mbewu ya mpiru pakhonde, ndipo ndinamuuza zonse ziwiri nthawi imodzi: ntchito yatha, ndikupita ku Joni.

"Ku Joniko mukatola nkhani za ndani, bambo a Tadala?" anandifunsa.

"Ndikagwira ntchito iliyonse."

"Iliyonse ndiye ilipo konkuno. Keni yothirira ili apoyo."

Ndinaseka, koma pasipoti ndinali nayo kale. Patatha milungu itatu ndinali m'basi.

Ndiyambe ndafotokoza za dimba, pakuti nkhani yonseyi yagona pamenepo. Lili m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa, ndipo ndinaliyezapo ndi mapazi: makumi anayi m'litali, makumi awiri ndi asanu m'lifupi. Kwa munthu wa kwina ndi kamalo kochepa. Ku Chiradzulu, komwe minda inagawidwa kwa ana aakazi mpaka kutsala timizere, dimba lotere ndi chuma. Limatulutsa tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi pamene minda ya kumtunda ili gwa. Fizi ya Tadala imachokera mmenemo. Felesita analilandira kwa mayi ake, iwonso kwa mayi awo. Si langa. Ndi la mbumba, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi atsibweni ake a Felesita, a Mulepa.

Ku Joni anandilandira Yusufu, mnzanga wa ku Namadzi yemwe tinaphunzira limodzi ku sekondale. Iye ankakonza mafoni ndi makompyuta m'shopu ya munthu wina m'katikati mwa tawuni, ndipo anandipezera malo osesa, kulandira makasitomala ndi kulemba malisiti. Tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Kuzizira kwa kumeneko sindinakuzolowere. Choopsa kwambiri chinali Lamlungu masana, shopu itatsekedwa, anzanga atapita kokaonera mpira. Ndinkakhala pamatiresi n'kumamvera mobwerezabwereza mawu omwe Felesita anatumiza pafoni. Ena anali ongonena za mtengo wa feteleza, koma chakumbuyo kunkamveka tambala wathu, ndipo ndinkabwezera pomwepo kuti ndimumvenso. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe. Kankakwana sopo, mchere ndi theka la fizi.

Kuseri kwa shopuyo kunali kachipinda komwe mwini wake ankakiya yekha. Tsiku lina anandituma kukapukuta fumbi, ndipo ndinapeza mashelefu atatu odzaza mahadidiraivi, timabokosi tija timasunga zinthu m'kompyuta. Tonse tinali toyaka, tikulira ngati njuchi zili m'mphako. Yusufu anandiuza kuti abwana akukumba kiripito, ndalama ya pa intaneti.

Chizolowezi cha utolankhani chinandigwira. Ndinafunsa, ndinawerenga, ndinalemba m'kope. Zimayenda motere. Umadzaza hadidiraivi ndi mafayilo akuluakulu a manambala, omwe ntchito yawo ili ngati matikiti a maere. Pakapita kamphindi, netiweki imaponya funso, ndipo amene ali ndi tikiti yoyandikira yankho amalandira ndalama ya kiripitoyo. Mwayi wako umalingana ndi malo omwe uli nawo powayerekeza ndi malo a anthu onse okumba padziko lapansi. Sizifuna makina odya magetsi ambiri ngati kiripito zina. Zimangofuna kuti madiraivi akhale oyaka ndi olumikizidwa pa intaneti usana ndi usiku.

Pa intaneti panali tsamba lowerengetsera phindu. Unkalemba kukula kwa madiraivi ako, lokha n'kukuuza zomwe uzipeza pamwezi. Ndinalembamo madiraivi khumi ndi awiri. Nambala yomwe inatuluka inaposa malipiro anga katatu. Ndinachotsera magetsi, ndinachotsera intaneti, ndinachotseranso zina zongogwa mwadzidzidzi. Masamu ankati pakatha miyezi isanu ndidzakhala nditabweza zonse, zotsalazo phindu lokhalokha. Lero ndikatsegula kope lija ndimaona kuti palibe pomwe ndinaphonya pophatikiza kapena pochotsera. Tsambalo linkangoganiza kuti mawa lidzakhala ngati lero, ndipo ine ndinaganiza nalo limodzi.

Yusufu sanalowe nawo. "Achimwene, ine ndimakonza foni, munthu n'kundipatsa ndalama m'manja," anatero. "Ndalama yoti sinditha kuipinda ndiisiyira inu ophunzira."

Mpamba ndinalibe. Ndinaimbira Felesita, n'kumufotokozera kwa nthawi yaitali mpaka mayunitsi anatsala pang'ono kutha. Kenako ndinanena chomwe ndinaimbira: apinyolitse dimba. Pinyolo kwathu amamudziwa aliyense. Umapereka munda kwa munthu, iye n'kukupatsa ndalama, n'kumalima mpaka udzabweze. Ukalephera pa nthawi yomwe munapangana, mundawo wapita.

Felesita anandifunsa kuti:

"Mukuti ndalamazo zimachita kumera m'kabokosimo?"

"Sizimera. Umachita kupambana, ngati maere."

"Ndiye ndi juga."

"Si juga, amake Tadala, ndi masamu."

Patapita sabata anatumiza uthenga. "Wapezeka munthu wa ku Nchema. Akuti zaka ziwiri. Zikapanda kubwezedwa, dimba ndi lake." Ndinafunsa ngati atsibweni akudziwa. Anayankha kuti, "Zimenezo zisiyeni kwa ine." Ndinapuma mpweya wabwino, chifukwa a Mulepa ndinkawaopa. Lamulo loyamba lomwe mkonzi wanga anandiphunzitsa linali lakuti nkhani yopanda dzina la munthu si nkhani. Dzina la munthu wa ku Nchemayo sindinafunse. Ndinangofunsa tsiku lomwe ndalama zifike.

Zinafika, ndipo mavuto anayamba tsiku lomwelo. Mitengo ya mahadidiraivi inali itakwera chifukwa anthu ambiri ankawafuna pa ntchito yomweyo, moti ndinagula ogwiritsidwapo kale ntchito. Mwini shopu anandilola kuwaika pa shelefu yapansi, bola ndizilipira gawo la magetsi ndi intaneti. Kudzaza madiraiviwo ndi matikiti kunatenga milungu isanu ndi iwiri. Ntchitoyi imadutsira pa kadiraivi kena kothamanga, ndipo kameneko kanatheratu ntchito ili pakati, moti ndinagula kena. Pomwe diraivi yomaliza inkadzaza, malo a anthu onse okumba anali atachulukana kangapo. Madiraivi anga anali omwewo khumi ndi awiri, koma gawo langa linali litafota. Mtengo wa kiripitoyo nawonso unayamba kutsika, ndipo sunabwererenso pomwe ndinaupeza.

Mwezi woyamba sindinapambane kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinalowa m'gulu la okumba omwe amaphatikiza malo awo n'kumagawana zomwe apeza, ndipo tindalama tinayamba kudontha tsiku ndi tsiku. Tinkakwana kulipira mwini shopu n'kutsala ya buledi. Magetsi akazima, zomwe zinkachitika kawirikawiri, matikiti anga sankawerengedwa. Diraivi imodzi inayamba kugogoda ngati wotchi, kenako inafa.

Munthu woluza amaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa mpamba. Ndinaimbanso kumudzi kupempha kuti wa ku Nchemayo awonjezere ndalama, tiwonjezere chaka. Yankho linabwera tsiku lomwelo. "Wakana. Akutinso ndikuuzeni kuti akuwerenga miyezi."

Uthenga umenewo ndi umene unandidzutsa. Ndinasiya kuyang'ana tsamba la phindu lija. Loweruka madzulo ndi Lamlungu ndinayamba kutsitsa katundu m'malole ku msika wa zamasamba. Chilichonse chomwe ndapeza ndinkatumiza, ndipo Felesita ankayankha mawu amodzi: "Ndakapereka." Tsiku lina anatumiza chithunzi ali m'dimba muja, atanyamula beseni la tomato. Ndinafunsa kuti akutani m'dimba la eni ake. Anati akugwiramo ganyu. Chithunzicho sindinachifufute, komanso kwa miyezi ingapo sindinathe kuchitsegula.

Kutatsala miyezi iwiri kuti zaka ziwiri zikwane, mwini shopu anazimitsa madiraivi ake onse n'kuyamba kuwagulitsa. Anandiuza kuti ndichotse anga. Ndinali nditabweza magawo awiri mwa atatu a pinyolo uja, ndipo panalibe njira yopezera lotsalalo pa nthawi yake. Yusufu anandiperekeza ku depoti. "Pitani mukamugwadire mwini ndalamayo pamaso," anatero. "Pafoni munthu amakana msanga." Madiraivi ndinawakulunga m'majuzi n'kuwaika pakati pa chikwama. Ulendo wonse, kudutsa Mozambiki mpaka pa chipata cha Mwanza, ndinkakonza mawu opempha miyezi isanu ndi umodzi yowonjezera.

Ndinafika pa kabaza dzuwa likupendeka. Tadala anali atatalika kufika paphewa panga. Felesita anali ataonda, manja ake atakhakhala. Nditangosamba ndinamuuza kuti ndikufuna kupita ku Nchema.

"Musavutike," anatero. "Ndamuuza kuti mwafika. Abwera yekha kudimba mawa m'mawa."

M'mawa mwake tinatsetsereka limodzi. Pa mzere wa kumapeto panakhala a Mulepa, atavala magambuti ndi chipewa chawo cha mlaza, njinga ataitsamiritsa ku nthochi. Ndinaganiza kuti amva, ndipo abwera kudzandiyalutsa pamaso pa mlendo. Ndinanjuta n'kuwapatsa moni.

"Mwayenda bwanji, atolankhani?"

"Ndayenda bwino, atsibweni. Kaya wa ku Nchema uja sanafike?"

"Wafika kalekale. Ndi amene mwamupatsa moniyu."

Ndinayang'ana Felesita. Iye ankachotsa masamba ouma pa tomato ngati nkhaniyo siikumukhudza. A Mulepa ndi mwamuna, ndipo mwamuna kwathu amakhala kwa mkazi wake. Iwo anakwatira ku Nchema ine ndisanabadwe. Ukwati wa mwana wawo ndinakavina komweko. Zonsezi ndinkazidziwa, koma m'mutu mwanga a Mulepa anali a pano, pa mbumba yawo.

Anafotokoza mosakweza mawu. Felesita anapita kwa iwo tsiku lomwe ndinaimba foni. Iwo anagulitsa mbuzi zinayi ndi nandolo wa chaka chonse, ndipo mng'ono wake wa Felesita anathirapo zake.

"Dimba la mbumba silipita kwa mlendo ine ndili moyo," anatero.

"Nanga bwanji osandiuza, atsibweni? Zaka ziwiri ndakhala ndikudya mosakhuta."

"Tikadakuuzani kuti ndi ine, mukadapempha zina. Kodi simunapemphe? Mlendo mumamuopa, m'bale mumamunyengerera." Anavula chipewa n'kudzikupiza nacho. "Tsono tiuzeni, inu a masamu. Makina anuwo apindula zingati?"

Ndinali nalo yankho, pakuti ndinawerengera m'basi. Nditachotsa magetsi, intaneti ndi kadiraivi kanatha kaja, zomwe ndinakumba pa miyezi yonseyo sizikanagula mbuzi imodzi yaikulu. Ndinawauza choncho, osachotsera kapena kuwonjezera.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mbuzi zangazo zikadakhala m'khola, bwenzi pano zili khumi. Ndipo sizifuna magetsi."

Ndinayamba kunena mawu omwe ndinakonza m'basi, opempha miyezi ina. Anandidula. Gawo lotsalalo linali litatha kale. Nyengo iliyonse Felesita ankathyola tomato n'kupereka theka kwa atsibweni ake, ndipo beseni lomaliza analipereka ine ndisananyamuke ku Joni.

"Ganyu ndinkagwiradi," anatero Felesita, osatembenuka. "Sindinakunamizeni."

Kumudzi kwathu magetsi sanafike, ndipo bandulo ya intaneti yoti iziyaka usana ndi usiku ingadye ndalama zoposa zomwe madiraiviwo angakumbe. Sabata yotsatira ndinawatengera ku Namadzi. Anthu okopera nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a makasitomala anawalimbirana. Matikiti omwe ndinadzaza kwa milungu isanu ndi iwiri anafufutidwa m'kamphindi, m'malo mwake munalowa makwaya ndi mafilimu omasuliridwa m'Chinyanja. Tsiku limodzi limenelo madiraiviwo anandipatsa ndalama zambiri kuposa zaka ziwiri zokumba, ngakhale sizinafike theka la zomwe ndinagulira. Ndinagula mbuzi ziwiri zazikazi n'kukazisiya ku Nchema. A Mulepa anaziyang'ana mano asanandithokoze.

Sindinganene kuti aliyense wokumba ndi mahadidiraivi analuza. Amene anayamba msanga, ali ndi madiraivi kale komanso magetsi otchipa, anadyapo. Mwini shopu uja anali mmodzi wa iwo. Ine ndinalowa mochedwa, ndi ndalama za dimba la eni ake.

Ndinachoka ndikuganiza kuti kumudzi ndi malo odikira ndalama za wa ku Joni. Ndinapeza kuti anthu anakhala pansi, n'kundiyeza ine ndi malonda anga, n'kugwirizana kutalika kwa chingwe choti andimangire nacho ngati mbuzi ya kumsipu. Tsiku lina tikupalira, ndinafunsa Felesita kuti anadziwa liti kuti sizidzayenda.

"Pafoni pomwe paja," anatero. "Munati aliyense wokhala ndi kabokosi akhoza kuyamba. Ndinangoona tomato wa m'chilimwe, aliyense atathyola sabata imodzi, mabeseni ali ndandanda pamsewu, wogula akutchula yekha mtengo."

"Nanga bwanji munandilola?"

Anaimika khasu n'kundiyang'ana.

"Mukanamva? Munali ndi masamu."