Ana a chisononkho chimodzi

Ndinakulira kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Golomoti, ndipo kwa nthawi ndithu ndinkakhulupirira kuti pa siteshonipo ndi pamene ananditola. Anandiuza zimenezi ndi achimwene anga a Yohane, ati mayi wina wa ku Balaka anandiiwala m'dengu la tomato. Umboni sunali wosowa. Kwathu onse anali ataliatali, akuda bwino, pamene ine ndinali kamtsikana kakafupi ngati mtondo, koyererako, makutu otambalala moti dzuwa linkawalira mkati mwake. Sitima ikalira ndinkathamangira kunjanji, n'kumasuzumira m'mawindo kufunafuna mayi wa makutu ngati anga. Anthu ankaseka, koma ine zinkandiwawa kwambiri.

Chaka china abambo anagula mbewu ya haibulidi ya m'pepala. Chimanga chake chinamera chofanana mochititsa mantha: msinkhu umodzi, ngayaye kutuluka pamodzi, ngati ana a sukulu ali pamzere. Aliyense wodutsa ankayamikira munda wathu, kupatula ine. Ndinkauwona ngati ukundineneza. Ana a kholo limodzi amafanana chonchi, nanga iwe?

Pokolola ndinabisa chisononkho chimodzi chachikulu kudenga la khitchini, pamene utsi unkathamangitsa anankafumbwe. Ndinali nditagamula mlandu wanga ndekha. Ndidzadzala njere za mayi mmodzi ameneyu, ndipo zikadzamera zofanana, basi a Yohane ananena zoona, ndidzamanga kamtolo kanga n'kukakhala pa siteshoni mpaka abale anga enieni adzandizindikire. Kamtoloko ndinali nditayamba kale kukonza, muli diresi la ku tchalitchi ndi supuni imodzi. Supuniyo sindikudziwa kuti inali ya chiyani.

Mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili tolo, ndinalima timizere tanga kuseri kwa khola la mbuzi n'kudzalamo njere zija. M'mawa uliwonse ndinkayeza mapesi ndi bango, nkhope ili gwa ngati mlangizi wa boma. Kutentha kwa kwathu kuja, thukuta kamukamu, ine ndili m'munda wa mizere yosakwana n'komwe kutembenukiramo khasu.

Zimene zinamera zinali chipwirikiti. Phesi ili lalitali kupitirira khola, lina lofika m'chiuno, lina lowonda, lina lotulutsa ndevu anzake asanaganize n'komwe. M'malo mokondwa ndinapsa mtima. Ndinkati a Yohane andisakanizira mbewu pofuna kundipusitsanso, ndipo ndinawalondola mpaka kudambo ndikulira, mamina ali chuchuchu.

Abambo anabwera kudzaona chomwe chinautsa phokoso, ndipo anandipeza ndagwira kaphesi kakafupi kaja kuti ndikazule.

“Kalakwanji kameneko?” anafunsa.

Ndinafotokoza zonse, za dengu la tomato ndi za kamtolo komwe. Sanaseke, ngakhale ndevu zawo zinkagwedera.

“Chimanga cha m'pepalachi chimafanana chaka choyamba chokha,” anatero. “Anachikwatitsa kuchokera ku mitundu yosiyana. Ukachidzalanso, agogo ake onse amatulukira, wamtali ndi wamfupi yemwe. Kasiye kakule. Mawa uvale diresi lako lija, tili ndi ulendo.”

Ndinadziwa kuti akukandibweza ku Balaka.

Koma njinga inalowera njira ya ku Mua. Matako atachita dzanzi pakaliyala, tinaima pakanyumba kena kumunsi kwa mishoni, ndipo abambo anaodira. Munatuluka azakhali awo, amene ndinali ndisanawaonepo: gogo wamfupi zedi, woyererako, duku litakanika kubisa makutu. Anandizungulira kamodzi, n'kundigwira khutu lakumanja ngati akusankha mbale pamsika.

“Iwe Lufeyo,” anatero kwa abambo, “makutu angawa mwawabera liti? Ine ndimayesa ndidzapita nawo kumanda ndekha.”

Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinadya mbatata zawo zonse. Pobwerera ndinakhala pakaliyala mowongoka, makutu ali pamphepo, osawabisanso.

Kaphesi kaja ndi kamene kanayamba kukhwima. Mondokwa wake anali wamng'ono, wa njere zamagweru, ndipo amene anaudya ndi a Yohane, osapepesa n'komwe.

Masiku ano ambiri timagula mbewu yatsopano chaka ndi chaka, ndipo minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Mtakataka imakhala yofanana ngati yometedwa. Palibenso mwana amene angakaphunziremo zimene ndinaphunzira kuseri kwa khola. Abambo ndi azakhali aja anapita kale, sitima nayo siimvekanso kawirikawiri. Koma bodza lija silinafe, langosintha galimoto. Tsiku lina mwana wanga wachitatu, wamfupi, wa makutu otambalala, anabwera akusisima kuti akulu ake amuuza zoti tinamutola pa siteji ya minibasi. Ku Mua kulibenso wokamuonetsa. Ndinangomukhazika pamwendo, n'kuvula duku.